Mwakweza code yatsopano, koma anthu akuonabe yakale: kosaka kwake ndi kuti?

Linali Lachisanu madzulo, ndili mu kombi (minibasi) yochoka m'tauni ya Harare kulowera ku Mufakose, pamene foni inalira. Anali mayi ena a ku Mbare amene ndinawapangira kawebusaiti kooderapo usipa, matemba ndi nyemba. Masana a tsikulo ndinali nditasintha kawerengedwe ka ndalama yokaperekera katundu pakhomo, chifukwa mitengo ya mayendedwe inali itakwera.

"Mwanangu, paja unati wasintha? Nanga bwanji kasitomala wa ku Dzivarasekwa wanditumizira chithunzi, ndalama ikadali yakale ija?"

"Pepani amayi, ndasinthadi. Ndaona ndi maso angawa."

"Maso akowo sagula usipa."

Sankanama. Ine pa laputopu ndinkaona zatsopano, ogula ankaona zakale, ndipo tonse tinali pa webusaiti imodzi. Amene anagwirapo ntchito imeneyi akudziwa zomwe zimachitika zikatero: munthu umayamba kudina chilichonse cholembedwa kuti purge (kufufuta zosungidwa), kuzimitsa seva (kompyuta imene webusaiti imakhalapo) ndi kuyatsanso, kenaka kuuza aliyense kuti afufute cache, nkhokwe yosungira makope a tsamba kuti lizitseguka msanga. Nthawi zina zimathekadi, koma sudziwa kuti chachiza ndi chiyani, ndiye sabata yamawa matenda omwewo amabwerera. Kuchokera pa seva kukafika pa foni ya wogula pali malo angapo osungirako zinthu, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala mmodzi. Ntchito ndi yomupeza, kuyambira m'kati kutuluka kunja, osalumpha khomo.

Choyamba, pezani chozindikirira

Musanafufuze, dziwani kuti code yatsopano muizindikira bwanji. Kungoyang'ana tsamba n'kunena kuti "likuoneka ngati lasintha" sikuthandiza. Sankhani mawu kapena nambala imene ili mu code yatsopano yokha. Kwa ine inali nambala ya ndalama yatsopano ija. Njira yabwino kuposa apa ndi yoti deploy iliyonse (kukweza code pa seva) izilemba nambala ya commit, imene git imapatsa kusintha kulikonse kwa code, penapake poonekera:

`git rev-parse --short HEAD > public/version.txt`

Ikaninso nambala yomweyo pansi penipeni pa tsamba, timalemba ting'onoting'ono. Kasitomala akadandaula, mumangomupempha chithunzi cha pansi pa tsamba, ndipo mumadziwa pomwepo kuti ali ndi ya liti. Ndi mzere umodzi wokha, koma umapulumutsa mkangano wa ola lathunthu.

Kodi mafayilo anafikadi pa seva?

Funso lochititsa manyazi, koma yambani nalo. Lowani pa seva ndi ssh, pitani mu foda imene Nginx kapena Apache (pulogalamu yopereka masamba pa seva) imawerengadi, ndipo sakani chozindikirira chanu ndi `grep -r`. Ndikunena kuti imene imawerengadi chifukwa ambiri tinakwezapo mafayilo mu foda ina pomwe `root` ya Nginx ikuloza kwina. `nginx -T` imakuonetsani makonzedwe onse amene akugwira ntchito.

Zimene zimakonda kuchitika pano n'zodziwika. Mwapanga `git pull` koma mwaiwala `npm run build`, ndiye foda ya `dist` ikadali ya dzana. Magetsi anathima kapena netiweki inaduka mafayilo ali m'njira, theka linafika theka ayi. Pa Docker, mwalemba `docker compose up -d` osayamba ndi `docker compose pull`, ndiye dzina loti `latest` likulozabe image yakale imene ili kale pa makinawo. Pa Django, `collectstatic` sinayende. Ngati muli ndi maseva awiri kumbuyo kwa load balancer (chogawira alendo ku masevawo), onani onse awiri. Chizindikiro chake n'chakuti tsamba limasinthasintha, pano latsopano, mukatsegulanso lakale.

Mukapeza kuti mafayilo sanafike, nkhani ya cache palibe. Konzani deploy basi.

Mafayilo alipo, koma pulogalamu ikukumbukira zakale

Pulogalamu ikayamba kuyenda imawerenga code n'kuisunga mu memory. Kusintha fayilo pa disiki sikuiuza kanthu. Node iyenera kudzutsidwanso, mwachitsanzo ndi `pm2 reload all`. Gunicorn chimodzimodzi, kudzera pa `systemctl restart` ndi dzina la service yanu.

PHP ndiye imapusitsa anthu kwambiri, chifukwa tinazolowera kuti ukasintha fayilo zimaoneka nthawi yomweyo. Kuyambira pa PHP 5.5, ya mu 2013, muli OPcache, imene imasunga code yomasuliridwa kale kuti isamabwereze ntchito. Mwachibadwa imayang'ana ngati fayilo yasintha pakapita masekondi 2, koma pa maseva ambiri anthu amaika `opcache.validate_timestamps=0` pofuna liwiro. Zikatero OPcache siyang'ananso disiki mpaka mutaidzutsa:

`sudo systemctl reload php8.2-fpm`

Nambalayo isintheni kuti igwirizane ndi PHP yanu. Chenjerani apa: kuyendetsa `opcache_reset()` mu terminal sikuthandiza, chifukwa PHP ya mu terminal ndi PHP-FPM sizigawana cache. Ngati muli pa shared hosting yopanda sudo, ikani lamulolo mu kafayilo ka PHP, katsegulani kamodzi pa browser, kenaka kafufuteni msanga. Ndipo ngati deploy yanu imasintha symlink yotchedwa `current` kuti iloze foda yatsopano, mu makonzedwe a fastcgi lembani `$realpath_root` m'malo mwa `$document_root`, apo ayi PHP ikhoza kumamatirabe ku foda yakale.

A Laravel ali ndi nkhokwe zawozawo. Mukapanga `config:cache`, fayilo ya `.env` siwerengedwanso, ndiye mukhoza kuisintha kakhumi popanda chochitika. `php artisan optimize:clear` imachotsa config, ma route ndi ma view osungidwa, komanso cache ya pulogalamu yanu, choncho dziwani zimene mukutaya. Musaiwale `php artisan queue:restart`. Ma worker, amene amagwira ntchito za kuseri ngati kutumiza imelo, amakhala ndi code yakale mpaka atadzutsidwa, ndipo n'chifukwa chake tsamba limatha kukhala bwinobwino koma imelo ya risiti n'kumatulukabe ndi mawu akale. A WordPress, onani ngati muli plugin ngati WP Super Cache, W3 Total Cache kapena LiteSpeed Cache, chifukwa zimenezi zimasunga tsamba lonse lathunthu.

Siyani browser kaye, funsani ndi curl

Browser ili ndi maganizo ake, ndiye pa gawo ili ndi mboni yosadalirika. curl, kapulogalamu ka mu terminal kofunsira tsamba, sisunga kanthu. Funsani kawiri. Koyamba kudzera njira imene aliyense amadutsa:

`curl -sI https://example.com/`

Kachiwiri lunjikani pa seva yanu, kulambalala CDN (maseva a panjira, ngati a Cloudflare kapena CloudFront, amene amasunga makope a webusaiti yanu pafupi ndi ogula):

`curl -sI --resolve example.com:443:203.0.113.10 https://example.com/`

Pa dzina ndi pa IP ikani zanu. Ngati seva ili ndi satifiketi ya Cloudflare Origin, curl ikana, ndiye onjezerani `-k`. Chitani zomwezo pa fayilo ya JavaScript kapena CSS imene mukuikayikira, ndipo chotsani `I` n'kuwonjezera `grep` kuti muone ngati chozindikirira chija chilimo.

Tsopano yerekezani. Seva ikapereka zakale pomwe mafayilo ndi atsopano ndipo pulogalamu mwaidzutsa, yang'anani `proxy_cache` kapena `fastcgi_cache` mu Nginx, kapena Varnish ngati ilipo. Seva ikapereka zatsopano koma njira ya onse ikupereka zakale, wolakwa ndi CDN. Zonse ziwiri zikapereka zatsopano, vuto lili m'mafoni ndi m'makompyuta a anthu.

Ma header, mizere imene curl -sI ija imakuonetsani yofotokoza za yankho, amanena zambiri kwa wowawerenga mofatsa. `Age` ndi masekondi amene yankho lakhala mu cache ya panjira. Ikakhala 9000 pomwe inu mwapanga deploy mphindi khumi zapitazo, simufunikanso umboni wina. Pa Cloudflare onani `cf-cache-status`: HIT ndiye kuti lachokera mu cache, MISS lakatengedwa ku seva yanu, DYNAMIC silisungidwa n'komwe. Pa CloudFront ndi `x-cache`. Kumapeto kwa `cf-ray` kuli zilembo zitatu za bwalo la ndege, zosonyeza malo amene akuyankhani, ngati HRE kapena JNB. Izi n'zofunika chifukwa malo alionse ali ndi cache yakeyake. Munthu wa pa Econet, wa pa NetOne ndi wa pa intaneti ya mu ofesi akhoza kudutsa njira zosiyana, wina n'kuona zatsopano wina zakale. Ine ndimayesa pa WiFi, kenaka ndimazimitsa n'kuyesa pa data ya foni.

Kanthu kena kakang'ono kamene kanandisokonezapo: nthawi ya mu `Date` ndi `Last-Modified` imalembedwa mu GMT. Kuno ku Harare, ngati kumudzi ku Malawi, tili patsogolo ndi maola 2. Fayilo imene mwakweza 3 koloko masana ioneka kuti ndi ya 13:00. Musaipalamulitse mlandu.

Ikakhala CDN

Apa mpofulumira. Cloudflare mwachibadwa imasunga mafayilo poyang'ana mathero a dzina, ngati `.js`, `.css` ndi zithunzi, koma HTML siisunga pokhapokha wina ataika lamulo loti izisunga zonse. Fufutani ma URL okhawo amene asintha. Purge Everything isiyeni ikhale ya pamavuto, chifukwa ikatero aliyense amathamangira pa seva yanu nthawi imodzi, ndipo ka VPS kotchipa kamatha kubanika. Development Mode imalambalala cache kwa maola 3 kenaka imazima yokha, yabwino pamene mukukonza zinthu motsatizana. Pa CloudFront mumapanga invalidation (ndiyo purge yawo), ndipo ma path 1,000 oyamba pa mwezi salipiritsa.

Koma dziwani kuti purge imathera pa CDN. Zimene zinalowa kale mu foni ya munthu sizikhudzidwa. Onaninso Browser Cache TTL ya Cloudflare, nthawi imene browser imauzidwa kusunga mafayilo, imene imayambira pa maola 4. Ngati mukufuna kuti mawu a seva yanu ndiwo azimveka, isintheni ikhale Respect Existing Headers.

Browser, kumene kunali vuto langa

Nditafika kunyumba usiku uja, curl inandipatsa zatsopano mbali zonse ziwiri. Choncho ndinatsegula Chrome, n'kudina F12 yotsegulira zida za opanga mawebusaiti, tabu ya Network. Mzere wa Size ndi umene umaulula: ukalemba disk cache kapena memory cache ndiye kuti browser sinafunse n'komwe ku seva. Status ikakhala 304, yafunsa ndipo seva yati palibe chasintha.

Apa pali msampha umene umatigwira ife opanga mawebusaiti. Dzanja linazolowera Ctrl+Shift+R, reload yolambalala cache, ndipo ambiri tinasiya chizindikiro pa Disable cache kalekale. Timakhala m'dziko lopanda cache pomwe makasitomala athu ali m'dziko lina. Pofufuza vutoli chotsani chizindikirocho, ndipo tsegulani tsamba mmene wogula amachitira, podina link, osati pochita reload.

Nditatero ndinaona kuti `index.html` ikuchokera mu disk cache. Ndinabwerera ku curl: panalibe `Cache-Control` iliyonse, koma `Last-Modified` ndi `ETag` basi. Ambiri timaganiza kuti ukapanda kunena kanthu browser sisunga. Ayi ndithu. Malamulo a HTTP, amene pano ali mu RFC 9111 ya mu 2022, amalola browser kudziganizira yokha, ndipo kawirikawiri imatenga gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi imene yapita chisinthireni fayiloyo. Tsamba la amayi aja linali litakhala masiku pafupifupi 40 osakhudzidwa. Ndiye amene analitsegula Lachinayi, foni yake inali ndi ufulu wolisunga masiku 4 osafunsanso. HTML yakaleyo inkaitana JavaScript yakale, imene inali ikadali pa seva, ndipo zonse zinkayenda bwinobwino ndi mtengo wolakwika.

Taonani kuipa kwake: webusaiti imene simuisinthasintha ndi imene imakakamira kwambiri tsiku limene mwaisintha.

Ngati vuto likuoneka pa foni yokha, yesani mu Incognito. Likatha m'menemo, ndi cache ya foniyo. Kuti muone bwino, lumikizani foni ya Android ndi chingwe, yatsani USB debugging, ndipo pa kompyuta tsegulani `chrome://inspect`. Funsaninso kuti munthuyo akutsegulira pa chiyani. Opera Mini, imene anthu amaikonda posunga data, imadutsitsa masamba pa maseva a Opera isanawapereke, ndiye khalidwe lake limasiyana ndi la Chrome.

Service worker, mlonda wosamva

Ngati webusaiti yanu ndi PWA (webusaiti yogwira ntchito ngati app ya pa foni), kapena template imene munayambira inabwera ndi service worker inu osadziwa, werengani apa kawiri. Service worker imakhala pakati pa tsamba ndi intaneti, ndipo ikhoza kuyankha chilichonse kuchokera mu nkhokwe yake osafika ku seva. Ma header anu onse siwaona. Ctrl+Shift+R imailambalala, n'chifukwa chake inu mumaona zatsopano, koma mukangotsegula mwa masiku onse zakale zimabwerera. Mukaona khalidwe limeneli, ndi iyeyo.

Pitani ku tabu ya Application, Service workers. Kawirikawiri mupeza yatsopano yafika kale koma yalembedwa kuti waiting to activate. Imadikira kuti matabu onse a webusaitiyo atsekedwe, ndipo reload yokha siikwanira. Pa foni ya munthu amene ali ndi matabu 60 osatseka chaka chonse, idzadikira mpaka kalekale. Mankhwala ake ndi `skipWaiting()` pamodzi ndi `clients.claim()`, kapena kuonetsa kauthenga koti kwabwera zatsopano, munthu adine yekha. Njira yachiwiriyi ndi imene ndimakonda, chifukwa kusintha code munthu ali pakati polemba oda kumabweretsa mavuto ena.

Kuyambira pa Chrome 68, ya mu 2018, browser siidalira cache yake poyang'ana ngati `sw.js`, fayilo ya service worker, yasintha. Koma CDN imangoona kuti dzina likuthera ndi `.js` n'kuisunga ngati ina iliyonse. Ipatseni `no-cache`, ndipo musaisinthe dzina. Service worker ikaonongeka moti anthu atsekeredwa m'tsamba lakufa, kwezani `sw.js` ina pa dzina lomwelo imene ntchito yake ndi kufufuta ma cache onse n'kudzichotsa yokha ndi `unregister()`. Kungoifufuta pa seva sikuichotsa m'mafoni a anthu.

Kuti zisadzachitikenso

Lamulo lake ndi la mbali ziwiri. Mafayilo a JavaScript ndi CSS akhale ndi hash m'dzina, ngati `app.3f9a1c.js`, kuti zam'kati zikasintha dzinanso lisinthe. Vite imachita yokha, webpack imafuna `contenthash`, Django ili ndi `ManifestStaticFilesStorage`. Amenewa auzeni akhale chaka chathunthu:

`Cache-Control: public, max-age=31536000, immutable`

HTML, `sw.js` ndi `version.txt` zikhale ndi:

`Cache-Control: no-cache`

Dzinali limanamiza. `no-cache` sikutanthauza kuti osasunga, koma kuti sunga, koma uzifunsa kaye usanagwiritse ntchito. Ngati palibe chasintha seva imangoyankha 304, kayankho kopepuka kosadya data. Yoletseratu kusunga ndi `no-store`, ndipo ndi ya masamba a zinsinsi ngati a malipiro. Ndaonapo anzathu akakwiya ndi cache akuika `no-store` paliponse. Vuto limathadi, koma wolipira ndi wogula, amene bundle yake ikutha potsitsa JavaScript yomweyomweyo tsiku ndi tsiku. Kuno data si yoseweretsa.

Njira ya `?v=2` kumapeto kwa dzina imagwira, ndipo WordPress imadalira yomweyo kudzera mu `wp_enqueue_script`, koma imafuna kuti wina akumbukire kusintha nambala. Ngati mulibe build, ikani nthawi imene fayilo inasinthidwa, ndi `filemtime`, kuti izisintha yokha.

Pali kanthu kena kamene ambiri amaphunzira atapsa. Pokweza, yambani ndi mafayilo a hash, HTML ibwere pomaliza, ndipo akale musawafufute tsiku lomwelo. Munthu amene anatsegula tsamba m'mawa akadali ndi HTML yakale, ndipo akadina batani browser ipempha kachidutswa ka JavaScript kakale. Mukakhala mutakachotsa, aona tsamba loyera ndi ChunkLoadError, kapena seva imupatsa `index.html` m'malo mwa JavaScript n'kutuluka uthenga wodandaula za chizindikiro cha `<`. Choncho `rsync --delete` pa foda ya assets muziiganizira kawiri. Ine ndimasunga ma build atatu apitawo.

Header ya `Clear-Site-Data` iliponso, youza browser kuti itaye zimene inasunga. Imagwira pa HTTPS pokha, ndipo mukaikamo `storage` mudziwe kuti mwatayitsanso zimene anthu anaika mu basiketi. Komanso ngati vuto ndi chithunzi kapena mutu wakale umene ukuoneka potumiza link pa Facebook, imeneyo ndi cache yawo, ndipo Sharing Debugger ili ndi batani la Scrape Again.

Usiku uja ndinaonjezera mizere itatu mu Nginx yoika `no-cache` pa HTML, `nginx -t`, kenaka reload. Koma mafoni amene anali atasunga kale tsamba sindikanatha kuwafikira, chifukwa header yatsopano imamveka kwa okhawo amene abwera kudzafunsa. Ndinawaimbira amayi aja.

"Amayi, ndakutumizirani link ina pa WhatsApp, kumapeto kwake kuli timalemba toonjezera. Muike imeneyo pa status, yakale ija muchotse. Wina akati akuonabe mtengo wakale, mumuuze akokere tsamba pansi ndi chala mpaka kazungulire."

Link yake inali yomweyo, kungoti ndinaonjezera `?v=2`. Kwa browser imeneyo ndi adiresi yachilendo, ndiye iyenera kukafunsa ku seva. Kukokera pansi nakonso kumaikakamiza kufunsa za HTML.

"Nanga wa ku Dzivarasekwa uja, amene waoda kale pa mtengo wakale?"

"Ameneyo mumuperekere pa mtengo umene anaona, amayi. Yotsalayo mudule pa yanga ya mwezi uno."

Anadula dola imodzi, ndipo Loweruka ndikudutsa ku Mbare anandipatsa kajumbo ka usipa.